Khadi N'langa, Chinsinsi N'cha Kampani

Laputopuyo ndinaigula ya kaunjika. Inali itaona zambiri: chilembo cha A chinali chitafufutika, batire silinkachedwa kutha, koma mkati inali idakali ndi moyo. Windows imene inabwera nayo inkayenda ngati ngolo yodzaza mchenga, choncho madzulo ena ndinaichotsa n'kuikamo Linux. Sikirini inawala, mawu anatuluka, zonse zinali m'malo mwake. Nditati ndilumikize Wi-Fi, kompyuta ija inangoti zii, ngati mkatimo mulibe chilichonse chogwira netiweki. Uthenga wa pa sikirini unati pakusowa kafayilo kena, ndipo kafayiloko ndikatenge pa intaneti. Ndinaseka ndekha usiku umenewo. Kiyi wa nyumba anali atatsekeredwa m'nyumba momwemo.

Kutacha ndinapita nayo kwa mnzanga wina wokonza makompyuta. Anatayipa mzere umodzi kuti aone dzina la chip, kenako anati, "Achimwene, apa njira ndi ziwiri. Pali driver wa kampani, wotsekedwa. Ndikakuikirani ameneyo, mphindi khumi sizikwana muli pa intaneti. Palinso wotseguka, wolembedwa ndi anthu ongodzipereka, koma nthawi zina amaduladula. Musankhe nokha." Ndisanatsegule pakamwa, mnyamata amene amaphunzira ntchito pamalopo analowerera: "Bwana, wotsekedwayo ndi msampha." Mnzangayo anamuyang'ana ndi diso lija la mwini ntchito, ndipo mkangano unabuka, ine mwini laputopu ndili chiimire ngati mlendo pamaliro. Mkangano umenewo ndi wakale kuposa mnyamatayo. Wakhala ukuzunguza mitu ya akatswiri ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zoposa makumi awiri.

Driver ndi womasulira. Pakatikati pa Linux pali pulogalamu yaikulu yotchedwa kernel, imene Linus Torvalds anayamba kulemba ali wophunzira ku Helsinki mu 1991. Kernel ndiyo imagawa memory, imaika mapulogalamu pamzere kuti asaphangirane, komanso imalankhula ndi zipangizo. Tsono chipangizo chilichonse chili ndi chilankhulo chake. Khadi la netiweki la Intel silimva zimene la Realtek limamva. Mtundu uliwonse wa chip umafuna womasulira wakewake woima pakati pa kernel ndi chitsulo, monga amaimira womasulira m'khoti pakati pa woweruza ndi mboni. Kungoti womasulira uyu sagona pakhonde. Amagona m'nyumba yaikulu momwemo, makiyi a zipinda zonse ali m'thumba mwake. Akalakwitsa, si pulogalamu imodzi yokha imene imagwa; kompyuta yonse imaima.

Ntchito yake imayenda motere. Driver amapatula timalo mu memory n'kutindandalika mozungulira ngati mbale zodikira chakudya, ndipo amauza khadi adiresi ya mbale iliyonse. Uthenga ukafika pa waya kapena kudzera mumlengalenga, khadi limaukhuthulira lokha m'mbale yotsatira, kenako limagogoda kwa processor kuti katundu wafika. Driver amadzuka, amatenga uthengawo, amaupereka kumtunda, n'kubwezera mbale yopanda kanthu pamzere. Mauthenga akamagwa ngati mvula, kugogoda kuja kumasanduka chisokonezo, n'chifukwa chake cha m'ma 2001 Jamal Hadi Salim, Robert Olsson ndi Alexey Kuznetsov anabweretsa njira yotchedwa NAPI: zikathina, khadi lileke kugogoda, driver azibwera yekha kudzatuta zambiri ulendo umodzi. Zonsezi zimatheka polemba manambala ena pa maadiresi ena a mkati mwa chip. Nambala iti, pa adiresi iti, iti iyambe, iti itsatire? Yankho lili m'buku la kampani imene inapanga chip. Pa bukulo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pa makhadi a waya a m'zaka za m'ma 1990, makampani angapo ankapereka mabukuwo kwa wowafuna. Donald Becker analemba ma driver ochuluka a nthawi imeneyo, a makhadi a 3Com, a NE2000, ndi a ma chip a DEC otchedwa Tulip. Mu 1994, ali ku Goddard Space Flight Center ya NASA, iye ndi Thomas Sterling analumikiza makompyuta wamba 16 kuti azigwira ntchito ngati imodzi, n'kuitcha Beowulf. Zinthu zinatembenuka Wi-Fi itafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Makampani ena anatseka mabuku m'kabati. M'malo mwa code yoti munthu awerenge ndi kukonza, anayamba kupereka chophikaphika, chimene akatswiri amachitcha blob. M'Chichewa tingati chibulumwa: uchimeze chonchobe, usafunse za mkati.

Mbali ya mnzanga uja imayambira pa munthu amene waima pakauntala. Iye sanabwere kudzamva za ufulu wa mapulogalamu. Akufuna kutumiza kalata yofunsira ntchito tsiku lotsekera lisanakwane. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati Linux ikukana khadi lake, munthuyo sataya khadi. Amataya Linux n'kubwerera ku Windows, ndipo akapita wapita. Omenyera ufulu wa mapulogalamu akamaumitsa khosi, amataya anthu omwewo amene akanadzakulitsa gulu lawo, ndipo gulu likachepa, makampani salimvera.

Mbali imeneyi ili ndi umboni wake. Mu 2003 kunabwera NDISwrapper, pulogalamu imene Pontus Fuchs anayambitsa. Inkanamiza driver wa Windows kuti ali kwawo pamene ali mu Linux. Ku FreeBSD, pulogalamu ina yotseguka yofanana ndi Linux, Bill Paul anapanga chofanana nacho, ndipo iye mwini anachipatsa dzina lachipongwe lakuti Project Evil. Ankadziwa kuti n'chonyansa pamaso pa anzake. Komatu anthu ambiri a m'zaka zimenezo anagwira Wi-Fi koyamba pa Linux kudzera m'njira yonyansayo, ndipo ena mwa iwo anakhalitsa mpaka kuyamba kuthandiza nawo.

Makampani nawo sikuti amabisa chifukwa cha nkhanza chabe. Kupanga chip kumadya ndalama zochuluka, ndipo code ya driver imaulula zambiri za kapangidwe kake, zimene wopikisana naye angakondwe kuziona. Mbali zina za code yomweyo kampani imakhala inagula kwa ena, pa pangano loletsa kuziulula. Ndipo pali chifukwa china cholemera kuposa zonsezi, chimene otsutsa amakonda kuchilumpha. Khadi la Wi-Fi ndi wailesi youlutsa. Mlengalenga uli ndi malamulo, ndipo dziko lililonse lili ndi ake: kwathu kuno amayang'anira ndi a MACRA, ku Zambia ndi a ZICTA, ku America ndi a FCC. Pa 2.4 GHz, matchanelo 12 ndi 13 ndi ololedwa ku Ulaya pamene ku America zipangizo zambiri zimalekera pa 11, ndipo tchanelo 14 ndi ya ku Japan. Pa 5 GHz zinthu n'zoopsa kwambiri, chifukwa mbali ina Wi-Fi imagawana ndi radar, kuphatikizapo radar zoona zanyengo pafupi ndi mabwalo a ndege. Chipangizo chimayenera kumvetsera kaye, ndipo chikamva radar chisamuke msanga. Ku America radar zoterezi zinasokonezedwapo ndi zipangizo zotcheredwa molakwika.

Ndiye kampani imafunsa kuti, ngati aliyense angasinthe code n'kukweza mphamvu ya wailesi, boma likadzabwera lidzagwira ndani? Funsoli si lopeka. Mu August 2016 kampani ya TP-Link inavomera kulipira FCC ndalama zokwana madola 200,000 chifukwa ma router ake ena ankalola wogwiritsa ntchito kusintha dzina la dziko, wailesi n'kumaulutsa mopyola muyeso. Loya wa kampani akaona zotere, malangizo ake sakhala ovuta kulosera.

Dandaulo lomaliza la mbali iyi likuloza Linux yeniyeniyo. Microsoft imasunga khomo lolowera ma driver kwa zaka zambiri osalisuntha, moti kampani imalemba kamodzi n'kupuma. Linux imatulutsa kernel yatsopano pakatha milungu isanu ndi inayi kapena khumi, ndipo olemba ake amakana dala kulonjeza kuti makomo a mkati adzakhala pomwe ali. Driver amene wayenda bwino lero akhoza kukana miyezi itatu ikubwerayi. Kumulowetsa mu kernel yaikulu nakonso si masewera: oyang'anira gawo la netiweki, monga David Miller ndi Jakub Kicinski, amabweza code kangapo kuti ikonzedwe, pamene chip chiyenera kufika pamsika chaka chomwecho. Amene amafuna kutumikira makasitomala a makampani amadziwa vutoli. N'chifukwa chake Red Hat imasunga makomo ena osasintha mkati mwa mtundu umodzi wa Linux yake, ndipo Google imachita zofanana pa Android. Kodi si kuvomereza kumeneko kuti makampani ali ndi mfundo?

Mnyamata uja sanakane kuti kasitomala akufuna intaneti lero. Funso lake linali la mawa, ndipo nkhani imene imaliyankha bwino ndi ya kabokosi kabuluu ndi kakuda kotchedwa Linksys WRT54G. Router imeneyi inatuluka kumapeto kwa 2002, ndipo mu 2003 anthu anatulukira kuti mkati mwake muli Linux. Laisensi ya GPL imati ukagawa Linux uzigawanso code yake, choncho kampani inapanikizidwa mpaka inatulutsa. Pa code imeneyo panaphuka OpenWrt, Linux ya ma router, mu 2004, ndipo kabokosi kotchipa kanayamba kuchita zinthu zimene opanga ake sanaziganizire. Koma chigawo chimodzi chinatsala chibulumwa: driver wa wailesi wa Broadcom, wophikidwira kernel 2.4. Kernel 2.6 inatuluka mu December 2003. Kufika 2010, OpenWrt inali ikutulutsabe mtundu wapadera wa 2.4 chifukwa cha chibulumwa chimodzicho. Nyumba yonse inakhala yosakonzedwa zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa mlendo mmodzi anakhoma chipinda chake n'kupita ndi kiyi.

NDISwrapper nayo inathera momwemo. Inkamva ma driver a nthawi ya Windows XP. Microsoft itasintha kalembedwe ka ma driver a netiweki pa Windows Vista, njira ija inayamba kufota. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka.

Pa dandaulo la makomo osunthasuntha, Greg Kroah-Hartman analemba yankho limene lili m'mabuku a kernel mpaka pano, ndipo dzina lake lenilenilo limatcha maganizo a khomo losasuntha kuti ndi zamkutu. Mfundo yake ndi iyi. Driver akalowa mu kernel yaikulu, lamulo ndi lakuti wosuntha khomo ndi amene akonze ma driver onse odutsira pamenepo. Kampani siyeneranso kuthamanga pambuyo pa kernel. Katundu wake amasenzedwa ndi gulu. Ovutika ndi okhawo amene asankha kukhala kunja kwa mpanda. Ndipo kusuntha makomoko kuli ndi phindu: pakapezeka njira yothamanga kapena yotetezeka kuposa yakale, yakaleyo imagwetsedwa, osati kuisunga zaka khumi chifukwa cha chibulumwa cha wina. Pa Wi-Fi, kale driver aliyense ankasenza yekha code yonse yolumikizira ndi kubisa mauthenga. Mu 2007 kunalowa mac80211, maziko amodzi a onse, ndipo cholakwa chikakonzedwa pamenepo chakonzedwa kwa onse odalira mazikowo. Chibulumwa sichidya nawo phwando limeneli.

Mu January 2007 Kroah-Hartman yemweyo anaitana makampani poyera kuti abweretse mabuku a zipangizo zawo, anthu awalembera ma driver kwaulere, ngakhale atafuna pangano losunga chinsinsi cha bukulo. Mu June 2008 olemba kernel oposa 100 anasaina chikalata chonena kuti ma driver otsekedwa ndi owononga. Ngakhale kernel yeniyeniyo imasunga chakukhosi: ukailowetsa chibulumwa imadzilemba chizindikiro chakuti yadetsedwa, ndipo ukapita kukadandaula kuti kompyuta yako ikugwa, akatswiri amakuuza kuti uchotse kaye chibulumwacho. Ena amati kumeneko ndi kudzikuza. Ine sindikuona choncho. Dokotala sangakuchize bwino ngati wamwa mankhwala a m'botolo lopanda dzina ndipo wogulitsa akukana kunena zimene anasakaniza.

Pali nkhani ina ya 2008 imene mbali zonse ziwiri zimaitenga ngati yawo, ndipo ine imandikoka mtima kuposa zonse. Mu September chaka chimenecho, anthu oyesa kernel 2.6.27 isanatuluke anayamba kuona makhadi awo a Intel, oyendera driver wotchedwa e1000e, akufa. Sikuti ankangoleka kugwira ntchito mpaka uzimitse ndi kuyatsanso ayi. Kachikumbutso ka mkati mwa khadi kankafufutika, moti ngakhale ukabwerera ku Windows khadi silinkadzukanso. Okonza mitundu ina ya Linux, kuphatikizapo Ubuntu, anazimitsa driver ameneyu m'mapulogalamu awo oyesera. Mbali ya mnzanga imati, mwaona, ndi zimenezotu mukalola aliyense kugwiragwira. Koma taonani mmene mlandu unathera. Akatswiri a Intel ndi a kernel anafufuza limodzi kwa milungu, ndipo wolakwa anapezeka kuti sanali driver uja. Chinali chida china chatsopano cha mu kernel chotchedwa ftrace, chimene chinkalemba pa adiresi imene chinkaganiza kuti idakali yake, pamene adiresiyo inali itaperekedwa kale kwa khadi. Woimbidwa mlandu anamasulidwa chifukwa mabuku a onse awiri anali patebulo. Driver uja akanakhala chibulumwa, kampani ikanaloza kernel, a kernel akanaloza kampani, makhadi akufabe.

Nanga kampani ikakana kutulutsa buku? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu ena anayamba kulemba bukulo okha, poyang'anitsitsa zimene chibulumwa chikuchita: chalemba nambala iyi apa, wailesi yayaka, chalemba iyo apo, tchanelo yasintha. Pofuna kupewa mlandu wakuba, ankadzigawa magulu awiri. Loyamba limasanthula chibulumwa n'kulemba zimene lapeza m'mawu wamba. Lachiwiri, limene silinaonepo code ya kampani, limawerenga mawuwo n'kulemba driver watsopano. Umu ndi mmene anabadwira forcedeth, driver wa makhadi a waya a NVIDIA nForce, ndipo patapita nthawi NVIDIA yomweyo inayamba kuthandiza kumukonza. Umu ndi mmenenso anabadwira bcm43xx wa Wi-Fi ya Broadcom, amene analowa mu kernel mu 2006 n'kudzalowedwa m'malo ndi b43. Ku OpenBSD, m'bale wake wa FreeBSD, Reyk Floeter analemba cholowa m'malo mwa chibulumwa cha kampani ya Atheros, maloya a Software Freedom Law Center anaunika ntchitoyo mu 2007 n'kupeza kuti ndi yoyera, ndipo panatuluka ath5k. Mu July 2008 Atheros yokha inatulutsa ath9k wotseguka. Broadcom inatsatira mu September 2010. Otsutsa chibulumwa amati makampaniwa anatembenuka chifukwa anaona kuti chinsinsi chaululika kale ndipo makasitomala akulozerana zogula. Anthu akanangomeza NDISwrapper mwakachetechete, ndani akanadzivutitsa?

Ndisabise, oyera mtimawa nawonso amadyana. Mu April 2007 a Linux ndi a OpenBSD anakangana poyera pa code ya driver wotseguka wa ma chip a Broadcom imene inapezeka itakoperedwa kuchoka ku mbali ina kupita ku inzake popanda kulemekeza laisensi, ndipo driver amene a OpenBSD ankalembera ma chip amenewo anafufutidwa. Chaka chomwecho anakangananso pa code ya driver wa ma chip a Atheros. Ntchito ya miyezi inapsa pamoto wa mawu, makampani akuonerera.

Kufika apa munthu angaganize kuti mnyamata uja wapambana. Koma kafayilo kamene laputopu yanga inkalira usiku uja sikanali driver. Kanali firmware, ndipo pamenepa nkhani imapota. Khadi la Wi-Fi la masiku ano lili ndi kakompyuta kakekake mkati, ndipo kakompyutako kamafuna pulogalamu yake. Kale pulogalamuyo inkawotcheredwa mu chip ku fakitale. Pofuna kutchipitsa, makampani anayamba kuisiya kunja ngati fayilo, driver aziikankhira m'khadi nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Driver akhoza kukhala wotseguka bwinobwino, koma firmware n'kukhala chibulumwa. Wa b43 uja ankafuna kachida kapadera kongodula firmware kuchoka mu driver wa kampani. Ndipo pamene makampani ankatsegula ma driver, ambiri ankasamutsira nzeru zenizeni mu firmware, malamulo a wailesi aja pamodzi ndi zinsinsi zawo. Womasulira anatsegulidwa, koma pa makhadi ena watsala wongopereka makalata omata.

Chibulumwa cha m'khadi chilinso ndi mano. Mu 2017 Gal Beniamini wa ku Google, kenako Nitay Artenstein pa msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas, anaonetsa mabowo mu firmware ya Wi-Fi ya Broadcom imene inali m'mafoni ambirimbiri a iPhone ndi Android. Bowo la Artenstein, lotchedwa Broadpwn, silinkafuna kuti mwini foni adine chilichonse. Kungokhala pafupi ndi woukira, Wi-Fi ili yoyatsa, kunali kokwanira. Apple ndi Google anatulutsa zigamba. Mafoni amene opanga ake anali atawaiwala kale anatsala momwemo, ndipo palibe munthu wodzipereka amene akanawasokera, popeza nsalu yake sankaiona.

Gulu la Debian, lokonza mtundu wina wa Linux, linayesa njira zonse ziwiri. Mu February 2011, pa Debian 6.0, linachotsa firmware yotsekedwa mu kernel yake ndi m'chimbale chake chovomerezeka. Zotsatira zake ndi zimene ndinakumana nazo ine: munthu waika pulogalamu, netiweki palibe, ndipo mankhwala ali pa netiweki. Odziwa ankapita kukatenga chimbale china chosavomerezeka chimene gulu lomwelo linkasunga kuseri, osadziwa ankangosiya. Mu October 2022 mamembala anavota kusintha, ndipo Debian 12 ya June 2023 inatuluka ndi firmware yotsekedwa m'chimbale, yoikidwa pakhola lake lodziwika. A Free Software Foundation ndi a Linux-libre, omenyera ufulu wa mapulogalamu, akukanabe. Koma lamulo lawo lili ndi mbali imene imandidabwitsa: firmware yotsekedwa ikakhala yowotcheredwa mu chip, yosasinthika, amailola ngati chitsulo chabe, yomweyo ikakhala fayilo yooneka, amaikana. Ndiye kuti chibulumwa chimene sungachione ndiponso sungachisoke chili bwino kuposa chimene wina angachisoke? Apa ndimasiyana nawo.

Maganizo anga agona pa funso limene onse awiri pakauntala paja sanalifunse: laputopuyi ndi ya mwini wachingati? Chibulumwa chimatumikira mwini woyamba, wogula chatsopano m'sitolo ya ku London kapena ku Dubai. Pa zaka zimene kampani ikugulitsa chip chimenecho, imakonza chilichonse chovuta. Mwini woyambayo akatopa nayo, laputopu imakwera sitima, imadutsa m'manja awiri kapena atatu, n'kufika kwa ine kampani itasamukira kale ku chip china. Pa tsikulo, driver wotsekedwa ndi mwana wamasiye. Wotseguka, ngakhale wotsimphina, ali ndi achibale: aliyense wosuntha khomo mu kernel amayenera kumunyamula. Choncho pa driver, amene amagona m'nyumba yaikulu ndi makiyi onse, ndili kumbali ya mnyamata. Ndikanakhala mwini woyamba mwina ndikanalankhula zina, ndipo sindimunyoza amene amalankhula zinazo.

Pa firmware ndimafewa, ngakhale mtima sukondwa. Imakhala m'khadi, osati mu kernel, ndipo kernel ikasintha fayiloyo imagwirabe ntchito, moti siimanga nyumba yonse ngati mmene chinachitira chibulumwa cha WRT54G. Chimene ndingaumirire n'chakuti kampani ilole fayiloyo kugawidwa momasuka, kuti ibwere m'chimbale, munthu wa bandulo yochepa asachite kuisaka. Theo de Raadt wa OpenBSD, munthu wosadziwika ndi kufewa, anapempha zomwezo kwa makampani a Wi-Fi mu 2004. Ndipo kutsegula firmware si loto: mu 2013 Qualcomm Atheros inatulutsa code ya firmware ya timakhadi take tina ta USB, monga AR9271, ndipo boma silinagwire aliyense. Ngakhale pangano lija la TP-Link ndi FCC linali ndi mbali yachiwiri imene maloya satchula kawirikawiri: kampaniyo inalonjeza kugwira ntchito ndi olemba mapulogalamu otseguka kuti azitha kuikidwa pa ma router ake, bola wailesi isapyole muyeso.

Tsiku lija ndinasankha wotseguka. Mnzanga anapukusa mutu, anatulutsa fulashi m'thumba la malaya, anakopera kafayilo ka firmware kaja m'malo mwake, n'kuyatsanso laputopu. Mayina a ma netiweki a m'sitolo zoyandikana anandandalika pa sikirini. Ananena zoona kuti amaduladula: ndikatseka chivindikiro n'kutsegulanso, Wi-Fi imasowa mpaka ndiizimitse ndi kuiyatsa. Titayesa kachitatu, mnyamata uja anakoka mpando, anatsegula uthenga wa kernel, n'kuyamba kukopera m'kope lake mizere imene inatuluka pa mphindi imene khadi linakana kudzuka, ati akufuna akaitumize kwa osamalira driver ameneyu. Mnzanga anamuuza kuti amalize kaye printer ya kasitomala wina imene inali itakhala pamenepo chiyambire dzulo, kenako anatembenukira kwa ine n'kutchula mtengo. Unali womwewo umene akanandilipiritsa ndikanasankha wotsekedwa.